Kulemba munthu wokonza pabwalo ku Tete: yambani ndi madzi, maluwa abwere pambuyo

Chaka chimene tinasamuka ku Ulongwe n'kudzakhala ku Chingodzi mumzinda wa Tete, tinapeza pabwalo pa nyumba pali mbee, miyala yokhayokha, ndi mtengo umodzi wa masau kumbali ya kumadzulo. Mayi a kunyumba sanagone nazo tulo. Kwathu ku Angónia khomo lopanda maluwa ndi la munthu wosasamala, ndiye tinafuna kuti alendo akabwera aone kuti pano pakukhala anthu. Mu Ogasiti kunabwera mnyamata wina waulemu, ali ndi zithunzi za makomo obiriwira pa foni. Tinagwirizana mtengo, tinamupatsa ndalama zonse tsiku lomwelo. Anadula masau aja ati minga idzalasa ana, anayala kapinga pabwalo lonse, n'kudzala maluwa amene anachita kukwera nawo galimoto kuchokera kumapiri. Kwa masabata atatu anthu odutsa ankaima pa geti n'kumasuzumira. Pofika kumapeto kwa Okutobala kapinga uja anali ngati mphasa yakale, maluwa anauma gwa, ndipo chipinda cha ana chimene masau aja ankachitchinga dzuwa la masana chinasanduka ng'anjo.

Mnyamatayo sanali wakuba ayi. Ntchito ankaidziwa, koma ankaidziwa ya dziko lina. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya kulemba munthu wokonza pabwalo m'chigawo chathu chino, chifukwa Tete ndi dzina limodzi koma nyengo zake ndi ziwiri. Ulongwe, Tsangano ndi Furancungo zili pamwamba, mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yaikulu, kumene mvula imagwa yokwanira kulima kachewere ndipo mwezi wa Juni umafuna bulangete. Mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi, mamita osafika 200. Mvula ya chaka chonse kuno imangopitirira pang'ono mamilimita 600, ndipo pafupifupi yonseyo imagwa pakati pa Disembala ndi Malichi. Miyezi yotsalayo kumwamba kuli gwa. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40 masiku ambiri. Moatize, Changara ndi madera a m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa ndi chimodzimodzi. Munthu amene manja ake anazolowera dothi la ku Domwe, kumapiri a Angónia, akhoza kukhala katswiri weniweni, koma akatsika phiri ayenera kuyambanso kuphunzira.

Tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa ambiri timalemba wantchito tisanawerenge. Milimita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi ndi lita imodzi. M'chilimwe cha kuno, dzuwa ndi mphepo yotentha zimatha kuchotsa mamilimita 6 kapena kuposerapo tsiku lililonse pa malo pamene pali udzu wobiriwira. Ndiye ngati kapinga wanu ndi wa mamita 10 uku ndi 10 uku, akufuna malita 600 pa tsiku kuti akhale monga mumamuonera pa zithunzi. Zimenezo ndi zigubu 30 za malita 20. Pa mwezi ndi malita 18,000, ndipo onsewo akudutsa pa mita ya kampani ya madzi, kapena pamutu pa mwana wanu ngati mumatunga. Anthu amati tili m'mbali mwa mtsinje waukulu, madzi angasowe bwanji? Zambezi aliko ndithu, timamuona tikamawoloka pa mlatho wa Samora Machel kapena wa Kassuende, koma madzi a mu mtsinje ndi madzi a pa mpopi wa kuseri kwa nyumba yanu ndi zinthu ziwiri. Ine ndimaona kuti wokonza pabwalo amene sangakuwerengereni zimenezi, ngakhale mongoyerekeza ndi zigubu, sanafike poti mum'patse khomo lanu.

Anthu amene amagwira ntchitoyi si amtundu umodzi. Alipo aganyu amene mumawaitana kudzakumba maenje kapena kusadza mtengo, tsiku limodzi basi. Alipo amene kuno timawatchula kuti jardineiro, olembedwa pamwezi, othirira ndi kusesa. Ndiye pali makampani ndi amisiri amene amajambula pulani, kubweretsa mbande, kuyala mapaipi. Awa anachuluka pamene migodi ya malasha ya ku Moatize inakula, makamaka kuyambira 2011 pamene kampani ya Vale inayamba kukumba, ndipo maofesi ndi nyumba za alendo zinayamba kufuna kapinga wobiriwira chaka chonse. Diso lathu linazolowera makomo amenewo, kuiwala kuti kuseri kwake kuli thanki, pampu ndi munthu wolipidwa kuti azithirira m'mawa ndi madzulo. Khomo la banja wamba nthawi zambiri limangofuna munthu mmodzi wodziwa bwino kwa masabata ochepa, kenako wina wa pakhomo pomwepo wophunzitsidwa kusamalira.

Ulendo wachiwiri tinapeza bambo wina wachikulire wochokera ku Changara, kudzera mwa mnzathu wa kutchalitchi. Sanabwere ndi foni ya zithunzi. Anafika cha m'ma 3 koloko masana, nthawi imene aliyense amabisala, n'kuzungulira nyumba kawiri osalankhula. Anagwira khoma la kumadzulo ndi chikhatho. Anapempha kapu ya madzi a pa mpopi, analawa. Kenako anandifunsa m'Chichewa chake chosakaniza ndi Chinyungwe:

"Bambo, madzi amatuluka masiku onse?"

Ndinati nthawi zina amasiya.

"Nanga akasiya, ndi mtengo uti umene mudzaupatse madzi akumwa a ana anu?"

Ndinati palibe.

"Ndiye tidzale mitengo imene singadzakupempheni zimenezo."

Anakumba dzenje lofika m'bondo, anathiramo zigubu ziwiri, n'kunena kuti abwera mawa kudzaona. Kuyesa kumeneku n'kosavuta koma kumaulula zambiri. Madzi akatha msanga ngati mwathira pa sefa, dothilo ndi la mchenga kapena lamiyala, lifuna manyowa ambiri kuti lizisunga chinyezi. Akapezeka m'mawa mwake adakali chikhalire, ndi makande kapena pansi pali thanthwe, ndipo mtengo wodzalidwa pamenepo udzawola mizu m'dzinja ngakhale utapirira chilimwe. Kulawa madzi kuja n'chifukwa choti zitsime ndi mijigo ina m'chigwa muno imatulutsa madzi amchere. Mukamathirira pang'onopang'ono ndi madzi otere, mcherewo umatsalira pamwamba, dothi limachita mbuu ngati mwawaza ufa, masamba amapsa m'mphepete. Wodziwa amathirira kwambiri kamodzi kuti mchere utsike pansi, ndipo amasankha mitengo yopirira.

Ngati mukufuna kudziwa munthu, m'pempheni akuonetseni khomo limene anakonza zaka ziwiri zapitazo, ndipo mukalione mu Okutobala kapena Novembala mvula isanagwe. Mu Febuluwale khomo lililonse ku Tete limakongola, ngakhale la munthu amene sanagwirepo khasu. Mukafika, lankhulani ndi eni ake. Afunseni mitengo ingati inafa, anabweranso kudzabwezeretsa kapena ayi, ndipo ndalama za madzi zinakwera motani. Safunsa anadya phula.

Tsopano za mitengo, pamene ine mtima wanga uli. Chinthu choyamba chimene khomo la kuno limafuna ndi mthunzi, ndipo mthunzi wofunika kwambiri ndi wa kumadzulo, chifukwa dzuwa la kuyambira 2 koloko mpaka kulowa ndi limene limaphika khoma, khomalo n'kumatulutsa kutenthako usiku wonse inu mukufuna tulo. Choncho wantchito akangofika n'kuloza mtengo umene mwaupeza kuti udulidwe, imani kaye. Masau amene ife tinadula anali atapirira zilimwe zambiri popanda munthu wowathirira, ankabereka m'nyengo yozizira, ndipo minga yake ikanatheka kungosadza nthambi za m'munsi. Tsanya amakula pang'onopang'ono kwambiri, mukamudula simudzamuonanso wamkulu pamalopo m'moyo wanu. Mlambe nawo ndi wosunga, ngakhale kuti pa mthunzi musaudalire kwenikweni, poti umayoyola masamba m'nyengo youma.

Pa mitengo yodzala, nimu ndi amene wadzaza m'makomo ambiri a mumzinda, ndipo pali chifukwa: amakula msanga, sayoyola masamba onse m'chilimwe, chiswe sichimukonda. Koma mizu yake ndi yamphamvu, atalikirane ndi maziko a nyumba, chimbudzi ndi mapaipi mamita 5 kapena kuposa. Bwemba amachedwa, koma akakula mthunzi wake ndi wozizira ndipo adzadyetsa ndi adzukulu omwe. Chamwamba amathamanga ngati akuthawa china, miyezi yochepa wadutsa denga, masamba ake ndi ndiwo, ngakhale mthunzi wake ndi wopepuka. Msangu uli ndi khalidwe lodabwitsa: umayoyola masamba m'dzinja n'kuphuka m'nyengo youma, ndiye umapereka mthunzi nthawi yeniyeni imene mukuufuna. Kungoti ndi mtengo waukulu wofuna malo otakasuka ndi madzi apansi osatalika, monga m'madambo ndi m'mbali mwa mitsinje. Mango amachita bwino kuno, koma zaka ziwiri kapena zitatu zoyamba amafuna kuthiriridwa mosadumphitsa. Bulugamu ndi kachere zisayandikire nyumba ya pa puloti yaing'ono. Bulugamu amamwa madzi ngati ng'ombe, kachere mizu yake imasaka chinyezi mpaka kung'amba thanki ya chimbudzi.

Pa mpanda ambiri amakonda nkhadze chifukwa safuna madzi ndipo mbuzi sizimuvutitsa kwenikweni. Ngati pakhomo pali ana aang'ono ganizani kawiri, chifukwa utomoni wake ukalowa m'maso ndi nkhani ya kuchipatala. Khonje ndi alovera zimapirira, ndipo maluwa aminga aja a bougainvillea amachita kusangalala ndi dzuwa limene limapha anzawo. Amene mukukhala ku Moatize kufupi ndi migodi kapena msewu wa magalimoto a malasha, mpanda wa mitengo yothithikana umagwirako fumbi lisanafike pa zovala zoyanika.

Funsani kumene mbande zikuchokera. Mbande yokulira mu nazale ya mumthunzi kumapiri, ikatsitsidwa pa galimoto lero n'kudzalidwa mawa pa dzuwa la ku Matundo mumzinda muno, imafota ngati yathiridwa madzi otentha. Yabwino ndi yofesedwa konkuno, imene yazolowetsedwa dzuwa pang'onopang'ono. Ng'ambani chubu chimodzi muone mizu. Ikakhala yopiringizana ngati nkhata, mbandeyo yakhalitsa, ndipo idzavutika kuzika pansi. Musakopeke ndi msinkhu. Kambande kofika m'bondo kokhala ndi mizu yabwino kamapitirira chimtengo chofika m'mapewa chimene chakhala m'chubu zaka ziwiri.

Nthawi yodzala ndi pamene mvula yakhazikika, Disembala kapena Januwale, kuti mizu ikhale ndi miyezi itatu yotsika pansi ndi madzi aulere, kenako miyezi yozizira yolimbira, chilimwe chisanafike. Wantchito amene akukukakamizani kudzala mu Seputembala chifukwa inu muli ndi ndalama m'manja nthawi imeneyo akuganiza za thumba lake. Miyezi youmayo ili ndi ntchito yake: kukumba maenje, masentimita 60 uku ndi uku ndi kuya komwe, kusakaniza dothi lapamwamba ndi manyowa owola, ndi kukonza njira za madzi. Manyowa a mbuzi kuno savuta kupeza, Tete ndi kwawo kwa mbuzi, koma akhale owola bwino. Aawisi amatentha mizu, chimodzimodzi feteleza wothiridwa pa dothi louma.

Njira za madzi zija anthu amaziiwala chifukwa maganizo onse ali pa chilala. Koma mvula ya kuno ikabwera imabwera ndi ukali, ndipo tonse tikukumbukira Januwale wa 2022 pamene namondwe Ana anadzaza mtsinje wa Revúbuè mpaka kugumula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize. Pa khomo limodzi nkhani yake ndi yomweyo mwaung'ono. Madzi saiwala khwawa. Wokonza pabwalo wabwino amaona kumene madzi a padenga amagwera ndi kumene amathamangira, n'kuwapatutsa kuti achoke ku maziko a nyumba apite m'mabeseni ozungulira mitengo, m'malo mothawira kumsewu atanyamula dothi lanu. Denga la mamita 10 uku ndi 10 uku limalandira malita pafupifupi 60,000 pa chaka cha mvula ya mamilimita 600. Ngakhale mutangogwirako gawo laling'ono m'thanki, ndi chuma. Thankiyo, migolo ndi zigubu zikhale zovundikira, kuopa kuweta udzudzu pakhomo.

Kathiriridwe ndi kamene kamasiyanitsa wodziwa ndi wongoyerekeza. Ambiri amagwira paipi n'kumawaza pamwamba tsiku ndi tsiku, dothi linyowe ngati chala chimodzi, iwo apite. Mizu imatsata madzi, ndiye imakhala pamwamba pomwepo, ndipo tsiku limene mpopi wauma mtengo umafa. Bambo a ku Changara aja anatiphunzitsa kuthira chigubu chathunthu pa mtengo uliwonse, kawiri kapena katatu pa sabata m'chilimwe, mbandakucha kapena dzuwa litapendeka. Pambali pa mango anakwirira kamtsuko kadothi kosapaka kanthu mpaka m'khosi, n'kukavundikira ndi phale. Madzi amatuluka pang'onopang'ono m'thupi la mtsukowo molunjika ku mizu, dzuwa osawaona. Botolo lapulasitiki loboola tizibowo pansi limagwiranso ntchito yomweyo. Ndimakumbukira tsiku lina akuletsa mwana wathu amene ankafuna kuthirira ndi paipi imene inakhala padzuwa. Anam'gwiritsa madziwo padzanja, mwanayo anakuwa kuti akuwotcha. "Mwanawe, chimene chakuwotcha iwe chiwotchanso mtengo. Taya oyambawo kaye." Mapaipi a madzi odontha ndi abwino kwa amene angakwanitse, koma funsani ngati ali ndi sefa ndiponso amene adzawatsegule akatsekeka, chifukwa madzi amchere ndi amatope amatseka tizibowo take msanga.

Madzi osambira ndi otsukira mbale zopanda mafuta ambiri akhoza kupita ku mitengo ikuluikulu, ndipo wantchito wanzeru amadzala nthochi kapena mapapaya kumene madzi a kubafa amatulukira. A sopo waufa wochapira musamathire malo amodzi nthawi zonse, amawononga dothi. Ku ndiwo zamasamba musathireko.

Pali mkangano umene ndimaumva kawirikawiri, wa kuphimbira. Udzu wouma kapena masamba oyalidwa pansi pa mtengo amasunga chinyezi ndi kuziziritsa dothi, izi n'zoona. Koma amayi ambiri amakana, ati zinyalala zimaitana chiswe, njoka ndi zinkhanira, ndipo nawonso sakunama. Makolo athu ankasesa pabwalo mpaka mbee kuti chokwawa chilichonse chioneke. Ine ndinaona kuti ziwirizi zimatheka pamodzi: bwalo la pafupi ndi nyumba, pamene ana amasewera, lizisesedwa monga mwa masiku onse, koma m'beseni la mtengo mukhale zophimbira, zotalikirana ndi tsinde ngati chikhatho chimodzi. Chiswe chimakonda kugwira mbande imene yafooka kale ndi ludzu. Chimene sindigwirizana nacho ndi kuyala simenti kapena miyala yoswa pabwalo lonse poganiza kuti mwathana ndi vuto la madzi. Mwathana nalodi, koma mwamanga chiwaya kuzungulira nyumba yanu. Miyala ndi mabuloko ziikidwe pa njira yoyendamo ndi pamene pali mthunzi. Ngati mtima ukufunabe kapinga, dzalani kachigawo kakang'ono ka kapinga wamba wa konkuno, amene amauma m'chilimwe n'kudzukanso mvula ikagwa.

Za malipiro, cholakwa chathu chachikulu chinali kupereka zonse tsiku loyamba. Gwirizanani zolipira m'magawo: gawo la zipangizo ndi mbande, gawo ntchito ikatha, ndi gawo lomaliza mitengo ikaoneka kuti yagwira. Lembani papepala, ngakhale la m'kope la mwana wasukulu, mitengo ingati, yamtundu wanji, ndani agule manyowa, ndani azithirira, ndipo ukafa mtengo m'miyezi yoyamba abwezeretse ndani. Pakhale mboni, kaya mnansi kaya mkulu wa m'dera lanu. Kulipira pa M-Pesa kapena e-Mola kumathandiza chifukwa uthenga umatsala pa foni. Mbali inayo, musam'mangire munthu mlandu wa mitengo imene inuyo mwaiiwala kuthirira.

Ndipo pano ndilankhule monga munthu amene ndaona anthu akukumba maenje pa thanthwe dzuwa lili paliwombo. Ntchito imeneyi kuno ndi yowawa. Wantchito ayambe kukadali chisisira, apume masana, apatsidwe madzi akumwa ozizira ndi chakudya, osati kumuwerengera maola ngati ali mu ofesi ya mphepo yozizira. Ngati mwamulemba pamwezi, dziwani kuti Mozambique inakhazikitsa lamulo la antchito a pakhomo m'chaka cha 2008, ndipo wosamalira maluwa ndi mitengo ya pakhomo ali m'gulu limenelo, ali ndi ufulu wa kupuma ndi kulandira malipiro ake pa nthawi yake. Munthu amene mumam'chedwetsera ndalama miyezi iwiri sadzabwera Lamlungu kudzapulumutsa mango anu mpopi ukauma.

Chomaliza chimene bambo aja anachita asanalandire ndalama zawo chinali kumanga khola la minga kuzungulira mbande iliyonse. Ndinawauza kuti tili ndi mpanda ndi geti, mbuzi zilowera pati? Anangoti geti amatsegula ndi ana. Anadula nthambi za masau kutchire, anazika timitengo tinayi pa dzenje lililonse, n'kuluka mingayo mpaka m'chiuno. Mwa mitengo 9 imene anadzala Januwale ameneyo, umodzi wa papaya unafa ndi madzi a m'dzinja, anabwera kudzadzala wina pamalo okwera. Pa chitsa cha masau aja panaphuka mphukira zitatu, anasiya imodzi yowongoka n'kuimangirira ku kamtengo, ndipo pano yafika pa windo la chipinda cha ana.